Manja a Tsuneko ndi Mpunga Wotsanzikira

Manja a Tsuneko adatchuka dziko lonse la Japan, koma nkhope yake mpaka lero palibe amaidziwa kupyola mlatho wa pa mtsinje wa Kamo. Iye sizimupweteka. Amati nkhope ndi za atsikana a m'chipinda cham'mwamba, amene amazipaka zoyera madzulo aliwonse, zake iye ndi zala. Ndipo mukangomupatsa mpata, zalazo adzakuonetsani chimodzichimodzi musanafunse n'komwe.

Adafika ku Kyoto ali mtsikana wongosiya kumene sukulu, kuchokera kumapiri a ku Tamba kumene makolo ake ankalima nyemba. Sadabwerere gule. Miyendo yake inali yokwerera mapiri, ndipo iye mwini ankadziwa zimenezo. Adabwera kudzatsuka mbale m'nyumba yolerera amaiko, ana aakazi amene akuphunzira ugeisha, luso lovina ndi kusangalatsa alendo, m'kanjira kopanikiza komwe anthu awiri a maambulera sapatukirana bwino. Wophika wakale atakalamba, mipeni idatsalira m'manja mwa Tsuneko, ndipo sidachokemonso.

M'nyumbamo adapezamo maiko wa msinkhu wake dzina lake Teruyo, mwana wolira msanga, wokonda kuba zokazinga zikadali m'poto. Teruyo uja ndiye adakula, n'kuvina mpaka mzinda wonse kumudziwa, kenako n'kulowa umayi wa nyumbayo. Lero ndi Mayi Teruyo, owongoka ngati nsungwi, osaseka wamba. Aliyense amawatcha Amayi, ngakhale Tsuneko yemwe, amene adawapukutapo mamina. Iwonso amamutcha Azakhali monga amachitira ana onse. Awiriwa akalamba limodzi akukangana za mchere.

Ntchito ya Tsuneko alendo saiona. Zakudya za alendo zimachokera kumalo odyera apamwamba, zoyalidwa mwaluso moti munthu amachita mantha kuzigwira. Iye amaphikira ana a m'nyumba: mpunga, msuzi, dzungu lowiritsa, nsomba yootcha, mazira okulunga, zakudya zodya munthu atamasula lamba. Chilichonse amadula tizidutswa tolowa m'kamwa kamodzi, kuti mtsikana amene wapaka kale zofiira pamlomo adye osaziwononga. Adyo salowa m'khitchini mwake, chifukwa maiko amayankhulira pafupi ndi anthu. Mwana wa kumpoto amamuwonjezera mchere mwakabisira, wa kum'mwera kashuga. Mtsikana aliyense ali ndi mbale yakeyake ya mpunga pashelefu, ndipo Tsuneko akamva mmene mwana wakankhira chitseko pochokera kwa aphunzitsi a gule, amadziwa ngati amukalipira, mbale ija tsiku limenelo imadzaza mpaka kutumphuka. Kunja atsikanawa amadziwika ndi mayina a ntchito, okongola, ofanana ndi a achemwali awo a pantchito, ageisha amene adawatsogolera. Mayina amenewo m'khitchini salowa. Tsuneko amaitana mwana ndi dzina limene adamupatsa amake, ndipo Amayi adatopa kalekale kumuletsa.

Chaka china kudabwera anthu a kanema. Ankakonza sewero la pa wailesi ya kanema lonena za nyumba ngati imeneyi ndi wophika wake, ndiye adapempha kudzaona khitchini yeniyeni. Mayi amene ankasewera ngati wophikayo anali katswiri, munthu waulemu kwabasi, woti akalira pa kanema dziko lonse linkasaka mipango. Koma nthawi yophunzira mpeni analibe, ndipo adanena yekha akuseka kuti zala zake akuzifunabe. Wotsogolera seweroli adaima nthawi yaitali kuyang'ana Tsuneko akuumba mpunga m'manja. Kenako adawerama mwaulemu n'kupempha kuti abwereke manjawo.

"Kubwereka manja? Nanga ine nditsala ndi chiyani?" adafunsa Tsuneko.

"Mubwera nawo limodzi, azakhali. Kungoti nkhope sitijambula."

"Mwaganiza bwino. Ikanakuswerani makina."

Tsiku lojambula, mtsikana wopaka anthu zodzoladzola adafuna kubisa chipsera cha pachala chachikulu, chimene mafuta otentha adamusiyira Tsuneko ali wamng'ono. Tsuneko adabweza dzanja. "Chipsera ichi n'chakale kuposa amako, usachigwire." Chidajambulidwa momwemo.

Sewerolo litayamba kuonetsedwa, Bambo Inokuchi, ogulitsa mpunga ndi nyemba pangodya ya msewu, adapeza chocheza.

"Tawaonani akatswiri! Lero mwabwera wapansi? Galimoto yafa?"

"Tandiyezereni nyemba inu, musiye phokoso."

"Mayi a kunyumba akuti pa kanema mwakongola zedi, koma kuyambira m'zigongono kutsika."

"Mukawauze kuti inu simukongola kuyambira paliponse."

Ankayankha choncho, koma tsiku la sewero ankatsuka mbale msangamsanga n'kukakhala patsogolo pa kanema, manja atawasanjika bwino pamiyendo. Mpeni ukaoneka ukutsetsereka pa biringanya, iye ankagwedeza mutu kuvomereza. Ankanyada, ndipo sadabise. Akadabisiranji?

Sewerolo lidakokera atsikana ku Kyoto ngati nyerere ku shuga. Ankayesa adzapeza kuseka ndi kudya kokhakokha. Adapeza kugwada mpaka miyendo kuchita dzanzi, kugonera kamtsamiro kolimba kuti tsitsi lisaphwasuke, kupereka moni kwa aliyense m'kanjira n'kupezekabe walakwitsa. Ambiri adabwerera kwawo chisanu chisanathe.

Mmodzi mwa obwera nthawi imeneyo anali Nagisa, mwana wa msodzi wa kuzilumba za Goto, wopsa ndi dzuwa, wa mawu ozolowera kupikisana ndi mafunde. Tsiku lofika, Tsuneko adamuikira mpunga patsogolo. Mtsikanayo mpungawo sadauyang'ane. Adagwira chala cha Tsuneko.

"Ndi inu! Chipsera ichi! Azakhali, ndi inu!"

"Tasiya dzanja langa iwe, mpunga ukuzizira."

"Ine ndinkawauza amayi kwathu kuti manja aja si a mayi wa pa kanema uja ayi. Manja aja amapita pamene pali mchere osayang'ana. Ndinkati ndidzadyeko kamodzi kokha zophika manja amenewo."

Tsuneko adatembenukira kumoto n'kunamizira utsi, chikhalirecho chitofu chake ndi cha gasi.

Nagisa adakhala. Adalira, adatupa mawondo, mawu aja adaphunzira kutsika, koma adakhala. Patapita zaka, aphunzitsi a gule, gogo wosayamika munthu, adamveka akunena kuti mwana wa kuzilumba uja amaponda pansi modziwa kumene akupita. Padangotsala miyezi yochepa kuti asiye umaiko akhale geisha. Masiku amenewo Tsuneko ankayenda mumsika chifuwa chili patsogolo, munthu n'kuyesa amavinayo ndi iye.

Ndiye m'mawa wina masamba atayamba kufiira, foni idalira. Bambo a Nagisa adagwa m'bwato, mbali imodzi ya thupi idafa. Amake adatsala okha ndi wodwala, ndi ana aang'ono, ndi bwato lopanda woliyendetsa. Panalibe zokambirana. Nagisa adagwada pamaso pa Amayi n'kupempha kuti apite kwawo.

Mtsikana akamachoka m'tinjira timeneti sangozemba. Amayenda khomo ndi khomo, kwa aphunzitsi, kwa achemwali, kunyumba zonse za tiyi kumene adavinako, kusiya kabokosi ka mpunga wophika pa nthunzi. Mawu sachuluka, bokosi ndilo limanena. Mpunga ukakhala woyera wokhawokha ndiye kuti wapita, sadzabweranso, malo ake apatseni wina. Koma pakona pakakhala kampunga kofiira, kophika ndi nyemba zofiira, aliyense amadziwa kuti chitseko chasiyidwa chosakhoma. Ndipo wophika mpunga umenewo m'nyumba iyi ndi Tsuneko.

"Woyera," adatero Mayi Teruyo ataima pakhomo la khitchini.

"Woyera wokhawokha, Amayi?"

"Kodi makutu ayamba kukuvutani, Azakhali?"

"Mwanayo mwamufunsa?"

"Ndimufunse chiyani? Matenda ngati amenewo satha mwezi uno kapena wamawa. Ndinaikapo zofiira kamodzi ine, mukukumbuka bwino. Ndinakhala ngati chitsiru, kusunga makimono ovinira, kuwauza anthu kuti abwera, abwera. Sindidzachitanso."

Tsuneko ankakumbukadi. Anali Chizuru, mtsikana amene Amayi adamukonda ngati wobala okha. Adapita kwawo akuti kwa kanthawi, ndipo chimene chidabwerako ndi chithunzi cha ukwati. Chaka chimenecho Amayi adaonda mpaka lamba kuzungulira kowonjezera. Tsuneko ankadziwa kuti kuuma mtima kwa lero ndi chilonda chakale chija, koma kudziwako sikudamuletse kupsa mtima. Adamenya poto pachitofu mwamphamvu kuposa mmene pankafunikira.

Chakumadzulo Nagisa adalowa m'khitchini, tsitsi atamasula kale, atavala juzi, akuoneka mwana wa sukulu. Adatenga nsalu n'kuyamba kupukuta mbale zouma kale.

"Nagisa, udzabwera?" adafunsa Tsuneko osatembenuka.

"Azakhali, ndingapemphe bwanji? Andilera zaka zonsezi, ndiye ndikuwathawa pamene amati apumeko. Pakamwa pandilemera."

"Sindinafunse za pakamwa. Ndafunsa ngati udzabwera."

Nsalu idaima. "Ngakhale posambira," adatero mtsikanayo motsitsa. "Mlongo wanga akangomaliza sukulu n'kutenga bwato, ngakhale posambira ndidzabwera. Koma musawauze Amayi. Ndawapweteka kale mokwanira."

"Ine ndiuze ndani? Ndine wophika ine. Ika mbaleyo, uibowola."

Kutacha Tsuneko adalawirira pangodya.

"Mpunga womata, ndi nyemba zofiira. Za kwathu ku Tamba, osati zinyalala mumanamiza nazo alendo zija."

Bambo Inokuchi adaimitsa dzanja m'thumba. Nkhani ya Nagisa inali itafika kale pangodya, poti m'tinjira timeneti munthu ukayetsemula kumtunda, mpango umachokera kumunsi.

"Zofiira? Ine ndinamva kuti Amayi anu alamula woyera."

"Kodi inu mumagulitsa nyemba kapena mumaulutsa nkhani?"

"Akuthamangitsani, akatswiri. Ndiye mulowera kuti, ku kanema?"

Adanena moseka, koma mawuwo adamulasa. Kwa Tsuneko kwawo ndi kachipinda kakuseri kwa khitchini. Ku Tamba nyumba idagwa, munda udabwerera kutchire, omudziwa onse ali kumanda. Ndipo m'nyumba zimenezi mawu a Amayi sabwezedwa, kaya ndiwe maiko wa dzulo, kaya wophika wa imvi. Pobwerera thumba lija lidamulemera, ndipo adachita mantha enieni.

Vuto la mpunga wofiira ndi lakuti subisika. Nyemba uziwiritse dzulo lake, madzi ake ofiira aja uviikemo mpunga mpaka kuche. Tsuneko akadatha kukankhira beseni pansi pa sinki n'kuvindikira. Adaliika pathebulo, pakati penipeni pa khitchini, chifukwa m'nyumba imeneyi sadabepo kanthu ndipo sankafuna kuyambira kuukalamba. Masana Mayi Teruyo adalowa kudzafuna tiyi. Adayang'ana beseni, adayang'ana khoma, n'kutuluka. Adabweranso kudzafunsa za nsomba, osanena kanthu za beseni. Manja aja, amene sadanjenjemere pamaso pa makina a kanema, tsiku limenelo adagwetsa supuni.

M'mawa wa tsiku lotsanzika khitchini idadzaza nthunzi. Timabokosi tinali titandandalikidwa pathebulo, mpunga woyera uli kale m'kati, pakona pa kalikonse patasiyidwa kampata. Tsuneko adangoika kofiira m'bokosi loyamba pamene Mayi Teruyo adalowa, atavala kale, tsitsi lili nga-nga-nga.

"Azakhali, ndinati chiyani?"

"Munati woyera."

"Nanga izi?"

"Nyemba."

"Ndikuona kuti ndi nyemba! M'nyumba muno mayi ndani?"

"Ndinu. Ndipo mukafuna kuti ndilongedze ndilongedza, koma mpunga upse kaye, chifukwa sindinasiyepo poto pamoto."

Adapukuta manja pathewera lake la kukhitchini. Kenako adanena dzina limene silidamveke m'nyumbamo chiyambire imvi.

"Iwe Teru. Ana onse adutsa muno ndawadyetsa ine. Ndimadziwa wodya kuti akhute ndi wodya ngati ali kwawo. Chizuru ankasiya mpunga m'mbale, maso ali kuchitseko, ndinakuuza iwe sunamve. Uyu amatsuka mbale yake n'kuibweza yekha pamalo pake. Lero ukuti ukutsekera Chizuru, koma wotsala panja ndi Nagisa. Manja angawa zimenezo sachita nawo."

Kwa kanthawi mwana wolira msanga uja adasuzumira m'maso mwa Mayi Teruyo. Adasendera pathebulo pang'onopang'ono, n'kuwerama pa bokosi loyamba lija. Kofiira kamene Tsuneko adaika kanali kakang'ono, kosaposa chala chachikulu.

"Limeneli ndi la ndani?" adafunsa.

"La aphunzitsi a gule."

"Kameneka? Iwe Tsune, wapenga? Agogo aja maso anatha kalekale, kameneka ayesa ntchentche." Adapinda manja a kimono n'kulanda chipande. "Bweretsa kuno. Ngati ndikukhalanso chitsiru, ndikhale chitsiru choonekera patali."

Adadzaza timabokosi tonse awiriwiri, phewa ndi phewa. Amayi adalawa n'kunena kuti mchere wachepa. Tsuneko adati lilime lawo ndilo lakalamba.

Nagisa adatsika atavala kimono wamba, wopanda maluwa kumutu, kuti adzanyamule mabokosi. Zivindikiro zinali zisanaikidwe. Adaima pakhomo, maso ake akuyenda pathebulo kuchokera uku mpaka uko, pakona paliponse pali pofiira, pena mpaka theka la bokosi. Adagwada pomwepo pasimenti, chipumi mpaka pansi.

"Amayi..."

"Usalirire apa, unyowetsa mpunga," adatero Mayi Teruyo. "Ndipo uziwauza bambo ako achire msanga. Makimono ako sindisunga mpaka kalekale, njenjete sizidikira munthu."

"Dzuka iwe, anthu akudikira," adatero Tsuneko, akumukankhira m'manja kaphukusi ka mpunga woumba kodyera m'sitima ya pamadzi. "Uyambire kwa aphunzitsi. Ndipo ukadutsa pangodya uwasiyireko a Inokuchi limodzi, aone okha, asavutike kufunsa."

Mtsikana akachoka m'nyumba iyi, mbale yake ya mpunga amaikulunga m'pepala n'kumupatsira, pashelefu n'kutsala malo a wina. Tsiku limenelo Tsuneko pepala sadalifune. Ya Nagisa, yobiriwira, ya kansomba pansi, idatsala pamene mwini wake adaiika.

Ikadali pomwepo. Atsikana atsopano amadziwa kuti saigwira. Alendo ena amene amamva za manja a pa kanema amapempha kudzamuona Tsuneko, ndipo iye amawaonetsa zala zonse, chipsera chomwe, mokondwa. Koma akafunsa kuti ntchito yaikulu imene manjawo adagwira ndi iti, sanena za sewero ayi. Amaloza pashelefu. Mbale ija amaitsitsa m'mawa uliwonse n'kuitsuka pamodzi ndi zinzake, ngakhale palibe wadyeramo, chifukwa mwana akadzatsika sitima adzafika ndi njala, ndipo Tsuneko sadzamuikira mpunga m'mbale ya fumbi.